Chikho Choyezera Chikondi cha Mfumu

M'dziko la Chiombamanja, kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu anawaiwala, chikondi cha anthu pa mfumu yawo ankachiyeza ndi chikho. Mayiko ena amatuma anyamata ovala mataye kukafunsa mafunso m'makomo, koma a ku Chiombamanja ankati kumeneko n'kungotha nsapato, pakuti munthu ukamufunsa amanama pamene nthungululu sinama. Choncho Loweruka loyamba la mwezi uliwonse mfumu inkadutsa pa msika waukulu wa Manong'onong'o pa galimoto yake ya magalasi akuda, amayi n'kumalulutira, kwinaku mkulu wina wa boma ataima pa tebulo la ogulitsa nyama, chikho chobooka pansi chili m'manja. Nthungululu ikayamba ankatunga madzi. Madziwo akatha kudontha amayi asanaleke, ankatunganso. Zikho zimene zatha ndizo zinali chikondi cha mwezi umenewo, ndipo ankazilengeza pa wailesi akangomaliza za nyengo.

Mkuluyo anali Bambo Kadammanja, Woyeza Nthungululu Wamkulu, munthu wowonda wa jekete limodzi, amene anagwira ntchitoyi zaka makumi awiri osabapo ngakhale dontho. M'boma lonse wotero analipo yekha, ndipo anzake ankamumvera chisoni.

Mfumu Sindilakwa Wachiwiri italowa ufumu inalandira zikho zisanu ndi ziwiri, n'kulamula kuti chiwerengerocho achisindikize pa zitenje. Chaka chachiwiri zikho zinatsika n'kukhala zisanu, nduna n'kufotokoza kuti chinali chimfine cha nyengo yozizira. Kenako kunabwera nkhondo.

Nkhondoyo sinali yawo. Dziko la Kwaeni, ulendo wa masiku anayi pa lole, linkamenyana ndi dziko la Patalipo chifukwa cha chulu chimene chinamera pa malire awo. Wa ku Chiombamanja amene anachionapo chulucho, kapena kulawa ngumbi zake, panalibe. Koma azakhali a Mfumu Sindilakwa atamwalira, mfumu ya ku Kwaeni inatumiza amuna khumi odzathandiza kukumba manda pamodzi ndi mbuzi ziwiri, ndipo zoterezi siziiwalika.

"Anthu anga okondedwa, inu amene mumandikonda," inatero mfumu pa wailesi, "makolo athu anati maliro n'kulirana. Amene anakumba manda a azakhali anga lero ali pa moto. Kodi ife tingopinda manja?"

Mfumuyo sinapinde manja. Inaloza nawo amuna mazana atatu, osoka nsapato, a kabaza, okhoma zidebe ndi ena otero, n'kuwakweza malole powalonjeza kuti abwerako chimanga chisanache. Chimanga chinacha, anthu anakolola, n'kudzalanso china.

Pa msika mkangano sunkatha. Wometa tsitsi, amene anatsala chifukwa cha bondo lopweteka nthawi ya nkhondo yokha, ndiye anali pa mbali ya boma.

"Inu simudziwa ndale," ankatero akunola lumo. "Adani akalanda chulu cha anzathu, mawa adzafuna chathu."

"Chathucho chili kuti?" ankafunsa wogulitsa makala.

"Tilibe. Koma tikanakhala nacho, bwenzi mukulankhula choncho?"

Mkangano uli mkati, zikho zinkatsika: zitatu, ziwiri, chimodzi, kenako theka. Wolengeza pa wailesi anayamba kutsokomola akafika pa chiwerengero, kuti anthu asamve bwino.

Mfumu inaitanitsa bwalo la nduna. Inalowa nkhope ili gwa, n'kukhala pa mpando osalonjera aliyense.

"Theka la chikho! Ine amene ndili pa zitenje! Ndiuzeni, ndawalakwira chiyani anthuwa?"

Nduna zinayang'ana pansi ngati zataya singano. Pomaliza anaimirira a Chiphwanya, Nduna ya Nkhondo, munthu wa mamendulo kuyambira paphewa mpaka pamchombo, amene nkhondo yaikulu imene anaionapo inali ya atambala.

"Wawa, Mfumu. Anthu amakukondani monga kale, mwinanso kuposa. Vuto ndi chikho. Kabowo kake n'kakang'ono, madzi akuchedwa kutuluka. Tikakakulitsa, zikho zichuluka."

Bwalo lonse linaomba m'manja chifukwa cha nzeru zakuyazo. Kadammanja anayesa kunena kuti kabowoko n'komweko kamene anayezera bambo ake a mfumu, koma anamuuza kuti wabwera kudzagwira chikho, osati kudzalankhula. Tsiku lomwelo linatuluka Lamulo Lokonza Chikho, ndipo mmisiri wa boma anakulitsa bowo ndi msomali wokhomera denga. Mwezi wotsatira nthungululu inali yaifupi kuposa kale, koma zikho zinakwana zinayi. Wailesi inaimba nyimbo za chisangalalo tsiku lonse. Mwezi winawo anakulitsanso bowolo mpaka zala zitatu kumalowa.

Ndiye linafika Loweruka limene galimoto ya mfumu inadutsa msika wonse, kuyambira pa ogulitsa nkhuku mpaka pa kaunjika, popanda mayi ndi mmodzi yemwe kutsegula pakamwa. Kunangomveka mbuzi. Kadammanja anaima pa tebulo lake, chikho chili gwa chouma, mpaka fumbi la galimoto linatha.

"Bwanji sunatunge madzi?" inakalipa mfumu madzulo ake.

"Wawa, Mfumu, ngakhale mutachotsa tako lonse la chikho, popanda nthungululu ine sinditunga."

"Nanga amayi onsewo apangana liti kuti andide tsiku limodzi?"

"Sanapangane, Mfumu. Kungoti Nangozo sanayambe."

Apa m'pamene a kunyumba yachifumu anadziwa chimene mwana aliyense wa pa msika ankachidziwa: nthungululu ili ndi mwini wake woiyamba. Pa Manong'onong'o mwiniyo anali Mayi Nangozo, wogulitsa matimati, mayi wamfupi wojintcha amene mawu ake ankathawitsa akhwangwala m'mitengo. Iye akayamba, onse ankatsatira. Iye akaleka, onse ankaleka. Kumudumpha kunali chipongwe chofanana ndi kupisa m'mbale akulu asanasambe m'manja.

Anakamutenga pa galimoto ya boma. Analowa m'bwalo, n'kugwada, n'kuomba m'manja mwaulemu wonse.

"Mayi," inatero mfumu, "n'chifukwa chiyani mwaleka kundikonda?"

"Wawa, Mfumu, kukukondani ndiye sindinaleke ayi. Pakhosi pokha ndi pamene pachita dzimbiri."

"Dzimbiri?"

"Eee. Ine mawu angawa ndinkanolera pa amuna anga, a Yotamu, okhoma zidebe aja. M'mawa uliwonse, zaka makumi awiri ndi zitatu, ndinkawakalipira: za fodya, za mbuzi imene sanamange, za denga lodontha mwini nyumba ali wodziwa malata. Pofika Loweruka pakhosi pankakhala pali mbee ngati belu la tchalitchi. Tsono inu munawatenga kuti akamenyere chulu cha eni. Ndikalipire ndani? Khoma? Ndinayesa tambala, anangondiyang'ana n'kumapita. Ndibwezereni amuna anga, Mfumu, nthungululu mudzaimva."

Ankalankhula ngati nthabwala, koma mtima wake unali utatopa ndi kusowa munthuyo. Chaka chonse ankaphika ndiwo za anthu awiri n'kudya yekha.

Mfumu inaganiza mozama, monga zimachitira mfumu zikafuna kulambalala yankho looneka. "Ngati vuto ndi munthu womukalipira," inatero, "boma lili nawo ambiri." Ndipo linatuluka Lamulo Lonola Pakhosi, lonena kuti Nduna ya Nkhondo izifika pakhomo pa Nangozo m'mawa uliwonse kudzakalipiridwa m'malo mwa Yotamu.

Tsiku loyamba a Chiphwanya anakhala pa kampando ka pakhonde, mamendulo ali ngwee, mawondo atafika m'chibwano.

"Pepanitu bwana, ndiyambe?" anafunsa Nangozo mwamanyazi.

"Yambani, mayi. Ndi lamulo."

"Chabwino. Inu bambo inu, mamendulo onsewa munawapeza kuti? Pa kaunjika? Chulu chimenecho munachionapo ndi maso anuwa? Ngumbi zake mudzatigawira zingati? Amuna a Esinala, uyu wogulitsa anyezi pafupi nane, munawatenga mimba ili ya miyezi isanu ndi umodzi. Lero mwana akukwawa, akuitana wogulitsa makala kuti ababa! Manyazi mulibe? Mimba yonseyi, simukanapita nayo inuyo kukatsekera zipolopolo?"

Pofika tsiku lachitatu anthu ankabwera ndi mipando yawo. Ena ankatumiza mafunso pa timapepala kuti Nangozo awakalipireko. Zimene nyumba ya malamulo inalephera kukambirana chaka chathunthu zinakambidwa pakhonde limenelo, ndipo wapolisi sakanagwira munthu, poti zonse zinali mwa lamulo. Wometa tsitsi uja anafika tsiku limodzi kudzaikira boma kumbuyo, Nangozo n'kumufunsa za bondo lake. Sanabwerenso.

Koma atamuyesa Nangozo patatha milungu iwiri, nthungululu sinatuluke. Panangomveka kamawu kosasa.

"Bwanjinso?" inafunsa mfumu.

"Wawa, Mfumu, awa sakudziwa kukalipiridwa. Ndikawanena amayankha kuti boma liunika nkhaniyi. A Yotamu amangondisiya mpaka mpweya undithere, kenako n'kufunsa kuti, 'Wamaliza?' n'kupitiriza kukhoma chidebe chawo. 'Wamaliza' ameneyo ndi amene amandikweza mawu."

A Chiphwanya, amene anali ataonda mpaka mamendulo kumagundana, anagwada n'kupempha kuti Yotamu abwere, yekhayo basi. Mfumu inavomera, koma inaikapo mawu: "Loweruka likubwerali ndikufuna zikho zisanu ndi ziwiri. Zikapanda kukwana, lole imene yamubweretsayo idzamubweza Lolemba."

Yotamu anatsika lole Lachinayi masana, wakuda bii, wowonda ngati nsungwi, nsapato imodzi yaikulu kuposa inzake. Nangozo atamuona anamuthamangira ndi chimwemwe, koma pakamwa panachita zimene panazolowera.

"Taonani mmene mwaonderamu! Kumeneko simunkadya? Nanga chipewa chija ndinakulukirani mwakachitaya kuti? Munthu wamkulu ngati inu kulephera kusunga chipewa chimodzi!"

"Wamaliza?" anafunsa Yotamu.

Nangozo anakhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana.

Madzulo ake amayi a pa msika anadzaza pakhonde, aliyense kufunsa za wake. Wogulitsa makala anafunsa za chulu, ngati chilidi chachikulu monga imanenera wailesi.

"Chulucho mvula inachigumula chaka chatha," anayankha Yotamu. "Panopa tikumenyanirana pamene chinali."

Womaliza kufunsa anali Esinala, mwana ali kumbuyo. Yotamu anamuuza kuti mwamuna wake ali moyo, ndipo amafunsa tsiku lililonse ngati anabadwa wamwamuna kapena wamkazi. Esinala anathokoza, n'kutembenukira kwa Nangozo.

"Mwachita mwayi, amayi. Loweruka mukayamba ife titsatira, musadandaule."

Sananene mwanjiru ayi, ndipo n'chifukwa chake mawuwo anamulasa Nangozo. Anadziwa kuti zikho zisanu ndi ziwiri zikakwana, mfumu idzati anthu akondwa nayo nkhondo, ndipo amuna a anzake adzakalambira pamalo pa chulu. Anadziwanso kuti zikapanda kukwana, Lolemba adzaphikanso ndiwo za anthu awiri n'kudya yekha.

Loweruka msika unadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo. Kadammanja anakwera pa tebulo lake ndi chikho cha bowo lalikulu, mgolo wa madzi uli pambali. Galimoto ya magalasi akuda inatulukira pa ogulitsa nkhuku, ikuyenda pang'onopang'ono. Maso onse anali pa Nangozo.

"Iwe, chita zimene mtima wako ukufuna," Yotamu anamunong'oneza. "Lole ndaizolowera."

Nangozo anakoka mpweya, n'kuika dzanja pakamwa. Kunena zoona, anali atatsimikiza zolulutira. Koma maso ake anagwera pa mwana wa Esinala amene ankaseka ndi wogulitsa makala, ndipo chimene chinatuluka pakhosi ponoledwa bwino paja sichinali nthungululu.

"Mayo ine! Mayooo! Ana a eni atha, mayooo!"

Mwambo ndi mwambo: Nangozo akayamba, onse amatsatira. Msika wonse unabuma maliro. Amayi anagwetsa madengu, manja kumutu, ndipo kulira kumene anakusunga chaka chathunthu kunatuluka tsiku limodzi. Kadammanja, poti anazolowera kutunga Nangozo akangotsegula pakamwa, anatunga mpaka mgolo unauma, misozi yake ikudonthera m'chikho momwemo.

M'galimoto muja mfumu inachita mantha ndi manyazi nthawi imodzi, n'kugona pansi pakati pa mipando. Dalaivala anaponda moto. Itafika kunyumba inadzitsekera m'chipinda n'kulamula kuti pasapezeke munthu woiona. Atolankhani atafunsa, mneneri wa boma anayankha kuti mfumu ikupumula.

Tsono m'mayiko onse a kuseri kwa mapiri amenewo, imfa ya mfumu sailengeza msanga. Akuluakulu amayamba abisa, akumauza anthu kuti mfumu ikupumula. Kazembe wa dziko la Kwaeni anali pa msika tsiku limenelo kudzagula anyezi. Anaona msika wonse ukubuma, anaona galimoto ikuthawa mulibe ngakhale chithunzithunzi cha mfumu kuseri kwa magalasi, kenako anamva mawu a mneneri pa wailesi. Munthu wodziwa mwambo safunsa kawiri. Anavula chipewa n'kukaimba lamya kwawo.

Lamulungu Nangozo anakazinga chimanga ndi mtedza, kamba wa pa ulendo wa mwamuna wake. Tsiku lonse sanakalipe ngakhale kamodzi, ndipo Yotamu ananena pambuyo pake kuti kunkhondo konse sanaonepo tsiku loopsa ngati limenelo. Lolemba anakhala pakhonde, kathumba kali pamiyendo, kudikira lole. Lole sinabwere. Woti asainire kalata yake panalibe, chifukwa mfumu inali chitsekere, ndipo nduna, zimene nazonso zinayamba kukhulupirira wailesi yawo yomwe, zinali kalikiliki kuyesana mpando.

Lachisanu masana kunamveka kulira kwa malole. Nangozo anagwira mwamuna wake pa mkono mwamphamvu, poganiza kuti abwera kudzamutenga. Koma malolewo anali odzaza ndi anthu, onyamula makasu m'malo mwa mfuti, ndipo pa lole yotsogola panali mbuzi ziwiri ndi kalata yochokera kwa mfumu ya ku Kwaeni. Kalatayo inkati: "Tamva kuti m'bale wathu watisiya. Maliro n'kulirana. Takubwezerani anthu anu onse kuti akakumbe manda a mfumu yawo. Nkhondo tayamba taimika, poti ndi a ku Patalipo omwe avomera kuti pa maliro samenyana. Mukaika, mutidziwitse."

Si onse anatsika. Amuna khumi ndi mmodzi anatsala komweko mpaka muyaya, ndipo kulira kwa Loweruka lija kunapeza eni ake. Koma mwamuna wa Esinala anatsika, n'kunyamula mwana amene anayamba wamukana, ndipo Nangozo ataona zimenezo sanadikire galimoto ya munthu aliyense. Anaponya kathumba ka kamba kumwamba n'kululutira, akhwangwala n'kubalalika m'mitengo yonse ya pa msika. Amayi anatsatira. Kadammanja anathamangira kunyumba kwake kukatenga chikho china cha kabowo kakang'ono, chimene anachisunga m'bokosi kuopa mmisiri wa boma, n'kukwera nacho pa tebulo osatumidwa.

Dzuwa likupendeka anakagogoda pa chitseko cha chipinda cha mfumu. Nthungululu inali itamveka mpaka mkatimo.

"Ndani?"

"Ndine Kadammanja, Mfumu. Ndabwera ndi chiwerengero."

"Zingati?"

"Khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndi kabowo kakale, kakang'ono kaja."



"Ngakhale bambo anga sanafikepo pamenepo," inatero mfumu.

"Sanafikepo, Mfumu."

"Akululutira chiyani makamaka?"

"Anthu amene abwera kudzakumba manda anu, Mfumu."

M'chipinda munakhala zii, nthawi yokwana chikho chimodzi ndi theka, monga mwa kuyeza kwa Kadammanja.

"Nanga ndikatuluka n'kuwauza kuti ndili moyo?"

"A ku Kwaeni adzafuna asilikali aja abwerere, Mfumu. Ndi mbuzi zomwe."

"Nanga zikho?"

"Ndidzayeza, Mfumu. Ine ndimangoyeza."

"Kadammanja."

"Wawa."

"Usawauze kaye."

Mpaka lero mfumu ya ku Chiombamanja ikupumula, ndipo chiyambire ufumu wake sinakondedwepo chotere. A ku Kwaeni ndi a ku Patalipo akudikirabe uthenga wa tsiku loika maliro, ndipo pamene panali chulu pamera maungu. M'mawa uliwonse, munthu wina wa kuseri kwa makatani a nyumba yachifumu amamva mawu ochokera kutsidya kwa msika, onena za fodya, za mbuzi yosamanga, za denga limene likudonthabe ndi za chipewa chimene chinatayika kunkhondo. Kenako kukhoma kwa chidebe kumaleka pang'ono.

"Wamaliza?"

"Kumaliza? Chaka chathunthu munali kulibe! Sindinayambe n'komwe!"